Njinga Imene Amati Siifa

Pali zaka zina za moyo wanga zimene ndimazikumbukira ngati maloto a munthu wodwala malungo: msewu umodzi wosatha, fumbi m'mano, ndi chitsulo cholemera chotsamira m'chiuno mwanga. Kuti dzinja linadutsa kangati, sindikudziwa. Mayina a matauni ndinawaiwala, kapena mwina analibe n'komwe. Chimene sindinaiwale ndi mkwiyo, poti pamene ine ndinkakankha njinga, mkwiyowo ndi umene unkandikankha.

Kwathu ndi kumapiri, kumene kachewere amabereka ngati wolodzedwa koma msewu umafa mvula ikangoyamba. Tinjinga ta kabaza timathera m'munsi, pamatope. Amene amakwera ndi mavenda okha, ndi chilole chawo, atanyamula ndowa yawoyawo yoyezera, yomenyedwa ndi hamala kuti mimba ikule, n'kumatiuza mtengo ngati akutichitira chifundo. Chaka china ndinaiponda ndowa ija iwo akuona mpaka inaphwatalala. Anakwera lole n'kumapita, kachewere wa mudzi wonse anawolera m'nyumba, ndipo anthu anatukwana ine, osati iwo.

Bambo anatisiyira ng'ombe ziwiri zapagoli, ine ndi achemwali anga a Felesiya. Tsiku lina achemwali atapita kumaliro kutsidya, ndinazigulitsa zonse ziwiri. Ndinali nditamva kuti m'tauni ina, pa nyumba yogona alendo, pali njinga yamoto yaikulu, ya anthu aja amazungulira dziko ndi mabokosi achitsulo m'mbali, njinga yosamva matope. Ndinati ndi imeneyo ndizitsitsa ndekha kachewere kumsika, mavenda adye ndowa yawo.

Achemwali atabwera anaima pakhola.

"Iwe, ng'ombe zili kuti?"

"Zikukasanduka njinga, achemwali."

"Imodzi inali yanga."

"Ndikubwezerani zinayi. Mvula isanagwe ndafika."

Sanakuwe. Anangotola goli pansi n'kulitsamiritsa pamtengo bwinobwino, ngati likagwira ntchito mawa. Kusakuwako n'kumene kunandipsetsa mtima, ndiye ndinalumbira pabwalo anthu akumva: "Mukadzandiona ndikulowa m'mudzi muno wapansi, mudzandilavulire kumaso!"

Mwini nyumba ya alendo ija anali a Likongwe, bambo wamimba yotsogola. Anavundukula lona. Njingayo inali yotalika ngati ng'ombe yamphongo, mabokosi ake atamatidwa timbendera ta mayiko osawerengeka.

"Mphwanga, iyi siifa," anatero akuisisita pathanki. "Yadutsa mchenga wa masiku khumi, yawoloka mitsinje ya ng'ona. Timbenderati ukutiona? Dziko lililonse inalowa n'kutuluka ndi miyendo yake. Iwe udzakalamba, iyi idzanyamula zidzukulu zako."

"Nanga mwini wake anaisiyiranji?"

"Tchuthi chinamuthera, ndege silola katundu wotere. Ukufuna, kapena ndiitane wina?"

Kunena chilungamo, sananame zonse. Tsiku loyamba lija njingayo inkameza maenje osandigwedeza n'komwe. Mitengo inkathawira kumbuyo, amayi ankatula mitolo kuti andione, ndipo ine ndinkaseka ndekha m'chipewa ngati wopenga. Mafuta atachepa ndinagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, monga aliyense amachitira. Dzuwa litapendeka, kanyali kachikasu kanayaka pamaso panga. Njinga inatsokomola kawiri, n'kungoti zii.

Kuyambira pamenepo ndinadziwa kulemera kwake kwenikweni. Munthu wina wa nkhuni anandilozera kumene kunali makaniko, ndipo njira yake inkapatuka pang'ono pa njira yakwathu. Zinakhala choncho zaka zonsezo: aliyense wondilozera ankaloza pambali pang'ono, ndipo mapiri akwathu ankangochepa kumbuyo.

Tauni yoyamba inali ya msewu umodzi ndi mtengo wa mkuyu. Pansi pa mkuyuwo panali a Kamwendo, mkulu wazala zakuda, ndi chitini cha mabisiketi chopachikidwa panthambi. Ananunkhiza m'thanki n'kukwinya mphuno.

"Wathira a m'zigubu, eti?"

"Nanga kumeneko kuli ena?"

"Iyi imamwa zosefa, ngati mwana wa abwana."

Anapisa dzanja m'kati n'kutulutsa kasefa kakang'ono kodzaza zinyalala. Ndinayesa akatsuka n'kukabwezera. Iwo anangokaponya m'chitini muja.

"Ichi n'cha kwawo. Kuno n'chosafunika."

Njinga inalira nthawi yomweyo, ndipo ine ndinawagwira m'manja ndi manja awiri. Poti m'thumba munalibe kanthu, ndinalipira ndi thukuta. Ndinakhala pansi pa mkuyu uja mpaka nkhuyu zinapsa n'kugwa, ndikumata machubu, ndikuphunzira kudziwa sipana ndi zala osaiyang'ana. Palibe anandiphunzitsa ndi pakamwa; ndinkaba ndi maso. Tsiku lina ndinawaona a Kamwendo akutsuka kasefa kanga m'palafini, n'kukagulitsa kwa munthu wagalimoto.

"Mdala, si munati n'chosafunika?"

"Kwa iwe. Kwa uyu n'chofunika."

Ndinaponya sipana, inakagunda chitini chija, ndipo zinthu zosafunika za anthu ambirimbiri zinamwazika pafumbi. Ndinakwera n'kumapita ndisanaphe munthu.

Inayenda masiku atatu. La chinayi ndinatsikira m'chigwa chotentha, kumene mbuzi zimagona pansi pa malole. Powoloka mtsinje wouma, mimba ya injini inagunda mwala n'kung'aluka, oyilo n'kuyamba kudontha. Madzi oziziritsa injini nawo anayamba kuwira. Ndinakankhanso.

Tauni yachiwiri inali ya msewu umodzi ndi mtengo wa mlambe. Pansi pake panali a Bwanali, owotcherera zitsulo, maso ofiira psuu ngati tsabola. Mng'alu uja anaumata ndi phala lomata la m'tithumba tiwiri, poti anati chitsulo chake n'chachilendo, sichimva moto wawo. Kenaka anamasula paipi ya madzi n'kutulutsa kachitseko kozungulira.

"Aka n'kachiyani, achimwene?" ndinafunsa.

"Kamatsekera madzi kuti injini ifunde msanga. Kwawoko kumagwa madzi oundana. Iwe kuno unawaonapo?" Anakaponya m'ndowa. "Ichi n'cha kwawo. Kuno n'chosafunika."

Ndinamva mawuwo akulowa m'khutu limodzimodzi ngati poyamba, koma njinga inasiya kuwira, ndiye ndinatseka pakamwa. Ndinalipiranso ndi thukuta. Galasi lotchingira maso linali limodzi, la abwana, ndiye ine ndinkawotcherera motsinzina. Maso akayamba kuyaka ngati mwalowa mchenga, a Bwanali ankandigoneka pamthunzi n'kundiika tizidutswa ta kachewere wamuwisi pazikope. Ankandiziziritsadi. Koma fungo lake linali la kwathu, ndipo ndinkagona pamenepo misozi ikutsikira m'makutu, ndikudziwa kuti mvula yagwa kale kumapiri ndipo achemwali akugaula ndi khasu munda umene unkalimidwa ndi ng'ombe.

Kumeneko tayala lakumbuyo linatha. Ndinafunsa m'masitolo onse, ndipo kulikonse ankayang'ana manambala ake n'kuseka. "Limeneli kuno kulibe, bwana. Lolowa wilibala tili nalo." Ndinalisoka ndi waya. Tcheni chinatalika mpaka kumadumpha, ndinachidula. Mabokosi a timbendera aja ndinagulitsa limodzi kwa mayi wophika mandasi, lina kwa m'busa wosungiramo mabuku a nyimbo. Njinga yosafa ija inkadya tsiku ndi tsiku ngati mlendo wosatsazika, ndipo kanyali kachikasu sikanazimenso. Kankangondiyang'ana.

Nditachoka m'chigwa, njinga inayamba kufa n'kudzuka, kufa n'kudzuka, ngati munthu wakhunyu. Onse anati wodziwa njinga zotere ali mumzinda waukulu. Ndinafika kumeneko nsapato zitatha.

Kunalibe mkuyu kapena mlambe. Kunali nyumba yamagalasi, pansi pake powala moti ndinadziona ndekha mmene ndaondera. Njinga zofanana ndi yanga zinali zitaima pamzere, zatsopano, ngati abale olemera a munthu wosauka. Anabwera bambo wina wamalaya oyera, zikhadabo zoyera, ulemu wake wozizira.

"Imeneyi ndi njinga yodalirika kwambiri, achimwene. Bola mwini wake azitsata buku."

"Buku liti?"

Anandionetsa. Munalembedwa kuti ikayenda mtunda wakutiwakuti izibwera kuno. Izimwa oyilo wa m'chitini chakutichakuti. Isamakhudzidwe ndi munthu wina koma iwo.

"Chabwino, tandiuzeni chikuivuta n'chiyani."

"Tiilumikiza ku kompyuta, inena yokha. Koma mulipire kaye."

"Ndilipire kuti njinga yanga yomwe indiuze pamene pakupweteka?"

"Siiyankhula ndi inu, achimwene. Imayankhula ndi iyi." Anagogoda kompyutayo ndi chala.

Ndinasenza matumba pamsika mpaka khosi linalowa m'mapewa, ndiye nditalipira njinga inalankhula. Chinatuluka chipepala chachitali. Bambo uja anandiwerengera: pampu ya mafuta ikufa, poti yakhala ikumeza zinyalala chichotsereni sefa. Ina ibwera pandege, pakapita miyezi itatu. Mtengo wake unali ng'ombe imodzi yathunthu ndi mchira wa inzake.

"Ndiye mumati siifa bwanji?"

"Siifa ikakhala m'manja oyenera."

"Manja oyenera ndi manja a ndalama! Nenani choncho, musazungulire!"

"Musandikalipire ine. Amene aipha ndi amakaniko anu a pansi pa mitengo."

Ankanena zoona, ndipo n'chimene chinandiwiritsa magazi. A Kamwendo anandiberadi. Koma pamene njinga inandifera pakati pa tchire, bambo woyerayu anali kuti ndi kompyuta yake? Ndani anaika mafuta oyera m'misewu yathu? Ndinakuwa mpaka magalasi ananjenjemera: "Mwapanga njinga yopita kulikonse koma yochira malo amodzi! Pazithunzi zanu mumaijambula ili m'matope, koma mukufuna izigona pasimenti panu! Ndinu mavenda nanunso, kungoti mumasamba!"

Mlonda anandigwira mkono mofatsa. "Tiyeni, ankolo, mungatichotsetse ntchito." Anandithandiza kuikankha mpaka kugeti, n'kundinong'oneza kuti pa mphambano ina kumpoto kuli mayi wodziwa mawaya.

Tauni yomaliza inali pamene misewu inayi imakumana. Panali kashedi ka malata, ndipo m'kati mwake munali mayi Nyagondwe, wamfupi, magalasi omangidwa ndi ulusi, wokonza magetsi a maminibasi. Ndinaima pakhomo n'kunena ndisanapereke n'komwe moni: "Mukachotsapo kanthu ndikuotcherani shediyi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Moni kwanu kulibe? Ika apo chilombo chakocho, ukasambe m'manja."

Mayiyu sankachotsa kanthu. Lamulo lake linali limodzi: waya usaukhudze usanautsatire ndi chala mpaka pamene wathera. Ndinakhala naye nthawi yaitali kuposa pena paliponse. Ndinaphunzira kufunsa galimoto ndi kababu kamodzi ndi mawaya awiri, ndipo madalaivala anayamba kunditchula kuti amakaniko. Ntchito ikachepa tinkatembenukira ku njinga yanga. Tinapeza pampu ya kagalimoto kakang'ono kogundidwa, n'kuimangirira kunja kwa thanki, pamodzi ndi sefa yake. Tinapeza tayala lakale kwa mlendo wina wodutsa. Tsiku limene inalira bwinobwino, mosatsokomola, ndinakhala pansi pafumbi n'kumangoimvetsera.

Koma kanyali kachikasu kanali chiyakire.

"Amayi, nanga aka?"

"Kompyuta yake ikulira ana ake amene anachotsedwa. Isiye ilire. Ukayenda nako bwinobwino."

Ine sindinafune. Zaka zonsezo kanyali kameneko kanandiyang'ana ndikukankha, ndikusoka tayala, ndikutukwanidwa. Ndikalowe nako m'mudzi, kazikauza anthu kuti munthuyu wabwera ndi chodwala? M'mawa wa tsiku lonyamuka, mayi Nyagondwe ali pansi pa minibasi, ndinatenga pulayala n'kupisa dzanja kuseri kwa mawotchi a pachiwongolero. Ndipo ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu, mawu anga enieni: "Ichi n'cha kwawo. Kuno n'chosafunika."

Munali mawaya awiri m'chikopa chimodzi. Ndinadula onse pamodzi. Kanyali kanazima.

"Wadula chiyani?" anafunsa mayiyo ali pansi pomwepo, poti kulira kwa pulayala ankakudziwa.

"Chondisowetsa mtendere."

"Wautsatira?"

"Ndimaudziwa."

Anatulutsa mutu, nkhope ili oyilo yekhayekha. "Muyende bwino, bambo a Ndimaudziwa."

Ulendo umenewo palibe anandilozera njira. Mapiri akwathu anayamba kukula kutsogolo, akuda ndi mvula yoyamba. M'munsi muja ndinapeza tinjinga ta kabaza titatitimira, eni ake atavula nsapato, ndipo ine ndinadutsa pakati pawo matope akuuluka mbali zonse. Aaa, inkakwera! Miyala inkagunda pansi pake, iyo osamva. Zonse zimene a Likongwe ananena zinali zoona kwa maola awiri amenewo. Ndinkakuwa mayina a mavenda mmodzimmodzi, ndikuwauza kuti atha.

Pafupi ndi pamwamba pa phiri lomaliza, kulira kwa injini kunasintha. Kunayamba kuuma, ngati mphero yopera popanda chimanga. Ndinamva fungo la chitsulo chopsa. Ndisanafinye kilatchi, inangoti gwa! Tayala linakhukhuluzika, ndipo tinaima.

Ndinali makaniko tsopano, sindinafunike kompyuta. Ndinaitsamiritsa pamwala, ndinagwada n'kuyang'ana pansi. Phala la a Bwanali linali litagumuka ndi miyala ya m'chitunda, ndipo kumbuyo kwanga kunali mzere wakuda wa oyilo wotsika ndi msewu mpaka pamene maso analekezera. Ndinapisa dzanja kuseri kwa mawotchi, ndinapeza waya wachiwiri uja, ndipo ndinautsatira ndi chala monga anandiphunzitsira. Unathera pa kanyali kena, kofiira, kamene kanali kasanayakepo chigulireni njingayo: kochenjeza kuti oyilo watha. Kakanandiuza ndikadali m'munsi. Ndikanamata ndi sopo n'kufika.

Ndinafunafuna woti ndimutukwane. Ndinayamba ndi a Likongwe, ndinapita kwa a Kamwendo, kwa a Bwanali, kwa bambo wamalaya oyera. Onse anali ndi mlandu, ndipo mpaka lero ali nawo. Koma pulayala inali m'thumba langa.

Ndinaikankha mpaka pamwamba. Kuchokera pamenepo msewu umatsetsereka wokhawokha mpaka pabwalo la mudzi wathu. Ndinkaona madenga, utsi, anthu ngati nyerere m'minda. Ndinakwera pampando, ndinachotsa giya. Kungonyamula phazi basi, njinga ikanatsika yokha, ine nditakhala mowongoka ngati mfumu. Ndikanalowa m'mudzi pamwamba pa chitsulo monga ndinalumbirira, n'kunena kuti ndazimitsa dala posunga mafuta. Ndani akanadziwa? Chinthu choyamba chimene njinga imeneyi inandipatsa mwaulere chinali bodza, ndipo linali lokongola.

Ndinakhala pampandopo mpaka mvula inandilowa m'malaya. Ndinali nditatopa ndi anthu ondionetsa chinthu chakufa n'kumati chili moyo. Ndinatsika.

Kukankha njinga yotere pokwera n'kowawa, koma kuitsitsa uli wapansi n'koposa. Imafuna kukuthawa. Ndinafinya buleki mpaka zala zinachita dzanzi, zidendene zikukumba matope, iyo ikundikoka ngati ng'ombe yonunkhiza madzi. Ndinagwa kawiri osaisiya. Pofika pabwalo anthu anali atatuluka kale m'nyumba, ena osandizindikira, ena akugwirana m'mapewa.

Achemwali ankachokera kumunda, khasu paphewa. Anali ataonda, imvi zitayamba pamphumi, ndipo kumbuyo anabereka mwana amene sindinkamudziwa. Anaima patsogolo pa tayala.

"Ndabwera wapansi, achemwali."

"Maso ndili nawo."

"Mulavulireni!" anakuwa bambo wina kumbuyo. "Analumbira yekha, tonse tinamva!" Anthu anaseka. Ine ndinatukula nkhope n'kutsinzina, ndikudikira.

"Malovu anga ndiwononge pa iwe?" anatero achemwali. "Ndili ndi ludzu kale."

Anaizungulira njingayo pang'onopang'ono, akuyang'ana tcheni chodulidwa, pampu yomangirira ndi waya, oyilo wakuda pa tayala. Anabwerera pamene anayambira.

"Yatsa. Ndimveko mmene ng'ombe yanga imalirira."

Ndinadina batani. Inangoti thi, n'kukhala chete. Bwalo lonse linamva.

"Yafa, achemwali. Ambiri anaidya, koma amene waimaliza ndine, lero lomwe, paphiri apo." Mawu ankandithawa, ndiye ndinawathamangira. "Koma ntchito ndaiphunzira. Mawaya ndimawadziwa, kuwotcherera ndimatha. Mundipatse chaka chimodzi chokha, ndikubwezerani..."

"Usalonjeze," anandidula. "Unalonjeza kale."

Anatsitsa khasu paphewa n'kunditambasulira, mpini wake utasalala ndi manja awo okha.

"Mizere yakumtunda sinathe. Dzuwa likadalipo."

Njingayo inalibe mwendo woimikira. Unatsala m'tauni ina, sindikumbuka iti. Manja anga onse awiri anali pa zogwirira, monga anakhalira zaka zonsezo. Achemwali sanabweze khasu. Ndinatambasula zala, ndinalandira mpini, ndipo kumbali kwanga chitsulo chija chinagwa m'matope ndi mbali yake yonse.